Mbewu ya Amayi Yatsala M'mbale

Kale, nyumba zisanathithikane chonchi muno mu komboni ya George, kuseri kwa khomo lililonse kunali kamunda, ndipo ine ndinkabzala chimanga chimene amayi anga anabwera nacho kuchokera ku Malawi atamanga pansalu, cholimba, chosafumbwa msanga. Tsiku lobzala sitinkafunsa munthu. Inswa zikangotuluka, khasu m'manja. Kapuchi akalowa, unkangothira kaphulusa kunsonga kwa chimanga, nkhani yatha.

Koma masiku ano, ana inu, kaya! Chaka chatha inswa zinatuluka, ine n'kubzala, mvula n'kuchoka osatsanzika, ndipo dzuwa linawotcha mpaka masamba kupotana. Kenaka kunagwa mbozi zachilendo. Ndinathira phulusa, zinadya ndi phulusa lomwe. Ba Mulenga, aneba anga ogulitsa malasha, akuti, "Amama, phulusa ni vakudala. Manje ikani sopo ya ufa." Ndinathiradi, chimanga n'kupsa, mbozi zili phee, zikunenepa. Mpongozi wanga anagula mankhwala kumsika, wogulitsa akuti tipopere m'mawa, anzanga a kutchalitchi akuti ayi, madzulo. Ndimvere ndani?

Mvula pobwerera inagwa ngati yakwiya, madzi mpaka m'maondo, ndipo mapesi opulumuka anachita mizere yachikasu, matenda amene ngakhale dzina lake sindilidziwa. Ndinaima m'matopemo, mutu utazungulira, osadziwa kuti mdani wanga ndi mbozi, dzuwa kapena mvula. Ndinalira ine, ukulu wonsewu.

Zimene ndinatolako ndi izi mukuziona m'mbalemu. Mbewu ya amayi yonse ndi imeneyi. Ikafa, yafa, chifukwa kumudzi onse amene akanandipatsa ina anagona kale.

Iwe Tamara, mdzukulu wanga, ika foni pansi, tambasula dzanja. Nonsenu bwerani, ndikugawireni pang'onopang'ono. Iwe Tamara ukabzale kwanu ku Kalikiliki mvula yoyamba ikangogwa, uyu adikire nthaka inyowe bwino, winayu achedwe dala ngakhale anthu amuseke. Chonde, musabzale tsiku limodzi, mwina mmodzi wa inu adzalasa.

Mukuti tsiku labwino kwenikweni ndi liti? Aa, musandifunse ine, ana anga. Ndakalamba ndi khasu m'manja, koma chaka chino ndidzamvera kwa inu.