Mzele Umodzi Umene Unatsala ku Msanzala

M'zaka zija tikukhala ku Msanzala, mutu uno usanayele, ine ndinali mmisili womanga nyumba, ndipo sukulu yanga yonse inali chingwe ndi zikhomo. Ndakumvani mukudandaula pamphasa apo kuti aphunzitsi akukuvutitsani ndi madontho ndi mizele, ati zilibe ntchito. Iwe Tamala, tseka bukulo pang'ono, uzisenda mtedzawo uku ukumva.

Ife tikafuna ngodya ya nyumba tinkakoka chingwe chimodzi chauku, china chauko, ndipo pamene ziwilizo zadutsana ndi pamene tinkakhoma chikhomo. Lelo amisili anu amabwela ndi makina osuzumila, koma nzelu yake ndi yomweyo: chingwe chimodzi chimangokuonetsa njila, malo enieni umawadziwa chachiwili chikadutsa. Malemu ambuya anu aEsinati ankaona zimenezi pondibweletsela chakudya kuntchito, ndipo ine ndinkayesa kuti angodikila mbale zao.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anakhala masiku anai okha, namwalila asanatuluke m'chikuta. Masiku ano khanda lotelo mumaligulila kabokosi, abusa n'kupemphela, koma nthawi imeneyo ankakaika azimai okhaokha kuthengo, kufupi ndi dambo, popanda kulila, popanda mtumbila, ndipo mwamuna sankapondako. Patapita milungu iwili, azakhali a ambuya anu anawalondolela malowo mobisa, popita kunkhuni. Ambuya anuwo anaima pomwepo n'kuyang'ana: kutsogolo nsonga ya phili, kumbuyo chulu chachikulu, kumanja mkuyu, kumanzele mtengo wa tsanya.

Pobwela anandipeza ndikunola nkhwangwa, nati, “ALungu, malo a mwana ndawamanga ndi zingwe zanu. Kuchoka pachulu kuloza phili, chingwe chimodzi. Kuchoka pamkuyu kufika patsanya, chachiwili. Tiyeni mailo mukaikepo olo mwala.”

Ine ndinati, “Amai, mufuna anthu atinene? Mwamuna sapita kumeneko. Mitengo ilibe miyendo, tidzaipeza.”

Mwamva, adzukulu anga? Ananena zimenezo ndine, munthu amene ndinkakalipila aliyense womasula chingwe chikhomo chisanakhomedwe. Ndinaopa pakamwa pa anthu, ndipo manyazi ake ndili nao mpaka lelo.

Kenaka tinasamukila kuno ku Ndake kutsata thonje, makolo anu n'kubadwa, ndipo chaka chilichonse tikatha kukolola ambuya anu ankati tipite ku Msanzala tikaike mwala uja, koma ine ndinkapeza chonena, mwina nyumba ya munthu yosafolela, mwina njinga yakufa. Pomaliza analeka kunena. Anadzanenanso atagona pamphasa, matenda atawadya mpaka kutsala mafupa, nandigwila dzanja.

“ALungu, chikhomo chija simunakhome. Dzina lake ndi Mwanida, ndinamutcha ndekha mumtima.”

Ndinalonjeza, ndipo anamwalila sabata yomweyo. Titaika malilo ndinaumba mwala wa simenti, n'kulembapo dzinalo ndi msomali simentiyo isanaume, ndipo ndinakwela nao galimoto mpaka ku Petauke, kuchoka apo panjinga yobweleka.

Thengo lija sindinalipeze. Ndinapeza munda wa chimanga wongokolola kumene, wa bambo Banda, amene anachokela ku Katete. Nditawafotokozela anavula chipewa, nati, “Pepani, bambo. Mitengo tinapeza itapita kale ndi makala, ndipo zitsa tinazula ndi ng'ombe. Palibe anatiuza kuti muli munthu muno.”

Chulu chinalipo, phili linalipo. Mkuyu ndi tsanya, ngakhale dzenje la chitsa, panalibe, ndipo azimai amene anaika mwanayo onse anali atatsikila kale kulichete. Ndinatsala ndi mzele umodzi, wautali kudutsa munda wonse mpaka kudambo. Ndinasenza mwala paphewa n'kuyenda kuchoka pachulu maso ali paphili, n'kubwelela, n'kuyendanso, mpaka dzuwa linapendeka, ndipo paliponse pamene ndinkaponda ndinkati mwina ndaponda mwana wanga. Ndinalila pamaso pa mlendo, ine nkhalamba.

Bambo Banda anandimvela chisoni, nati, “Ikani paliponse pamzelepo, ife sitidzalimapo.”

Koma ine ndinakana. Mmisili sakhoma chikhomo mongoganizila, ndipo kuika mwalawo pamalo olakwika kukanakhala kuwanamizanso ambuya anu, amene anachita mbali yao yonse bwinobwino popanda kupondako m'kalasi. Ndinaumangilila panjinga n'kubwela nao.

Tsono inu, masamu amenewo phunzilani, musawanyoze, ndipo wina akadzakuonetsani pamene mizele iwili yakumana, khomani chikhomo tsiku lomwelo, pakuti zimene mukuona zitaima lelo sizidikila munthu. Mwala umene ndikunenawu mumaudziwa. Ndi uja uli kuseli kwa nkhokwe, umene mumakhazikapo mabeseni potsuka mbale. Ndinaugoneka chafufumimba kuti ndisamaone dzinalo. Iwe Tamala, poti umatha kuwelenga, mailo ukautembenuze, muwadziwe azakhali anu.