Timizere ta Pagalasi la Galimoto ya Alamu

Zaka zimenezo, njinga zamoto zanuzi zisanadzaze padoko pano, ine ndinkayendetsa galimoto ya alamu anga a Namakhwa, ndipo ntchito yanga inali kunyamula amayi ogula matemba a ku Chisi kupita nawo ku Zomba. Pagalasi lakumbuyo panali timizere tofiirira, tomwe ukadina batani timatentha n'kuumitsa nthunzi. Inu panjinga mumangotembenuza khosi basi, koma ife m'nyengo yozizira, madengu ali thothotho, amayi akupumira m'katimo, galasi linkachita mbuu, ndipo kamsewu ka pakati pa minda ya mpunga kaja kanalibe potembenukira, umayenera kubwerera chambuyo.

M'mawa wina ndinadina batani, galasi osayera, ndipo tayala linatsetserekera m'ngalande. Palibe anavulala, koma matemba a eniake anasambiranso kachiwiri.

Alamu anafika atafiira maso. "Alamu, mwandiphera galimoto ndi mawaya a wailesi yanu ija. Bweretsani makiyi. Zikapezeka kuti ndi wailesiyo, mukagwire khasu."

Wailesi ndinalumikizadi ndine, choncho ndinangopereka.

Tinapita kwa a Jafali, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kwa Mwambo. Lero chinthu chikangotsokomola mumati chatha, kagule china, koma akale ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayamba ndi fyuzi, anaiunika padzuwa, inali yamoyo. Anadina batani, kagetsi kake kanayaka. Anatsatira waya mpaka m'mbali mwa galasi, nagunditsapo kababu kawo koyesera, ndipo kanayaka nakonso.

"Wailesi ilibe mlandu," anatero a Jafali. "Moto ukufika pakhomo, koma sukuwoloka."

"Ndiye wautsekereza ndani?" anafunsa alamu.

A Jafali anaitanitsa ketulo ya madzi owira, naiika m'galimoto, natseka zitseko mpaka galasi linachita mbuu. Atadina batani, timizere tam'mwamba tokha ndi timene tinayera, pansi ponse nthunzi ili chikhalire. Anapukuta, nasuzumira pafupi, ndipo tonse tinaona tizipsera tozungulirazungulira titadula timizere tija.

"A Namakhwa, dzanja ili si la dalaivala. Ili ndi dzanja lokwecha mapoto."

Apo alamu anakumbukira kuti Loweruka lapitalo galimoto inagona kwa mayi awo, gogo Esinati, kuti m'mawa mwake iwatengere ku ubatizo wa mdzukulu. Titapita kukafunsa, gogo sanabise.

"Eya, ndine amene. Galimoto yonunkha nsomba ikaime patchalitchi? Ndinaikwecha ndi phulusa ndi mchenga. Koma dzimbiri la pagalasi lija n'louma mutu, lam'mwamba sindinalifikire. Mubwere nayo ndidzamalize."

Mwamva inu? Munthu ungakalipire mayi ako chifukwa chokutsukira galimoto? Alamu anayang'ana pansi, nati, "Zikomo amayi, mwagwira ntchito. Potsalapo tisiyireni ana."

A Jafali anaitanitsa ku Zomba kabotolo ka utoto wa siliva umene umadutsitsa moto. Anamata tepi uku ndi uku kwa kamzere kalikonse, napaka podukapo ndi nthenga ya nkhuku, nauleka kuti uume bwinobwino asanadine batani. Timizere tambiri tinadzuka, tina tinafa mpaka kalekale, koma ngalande ndinkaiona.

Za khasu alamu sanatchulenso, ndipo ine sindinawakumbutse. Makiyi ndinangowapeza pampando wanga. Galimoto ija sinagonenso kwa gogo. Tikawatenga, tinkalawirira m'mawa.

Ndiye ana inu, chinthu chikafa, yambani mwatsatira waya musanatsatire munthu, chifukwa mwina dzanja lolakwalo ndi lomwe linakulerani. Ndipo galasi lotere mukamalitsuka, kansalu konyowa basi, motsatira timizere. Bwato la ku Chisi ndi ilo likubwera apo, kakonzeni njinga zanu.