Chipinda chimene sindinalowemo

"Mukundithawa inu, a loya!" mayi wina analalatira foni yake pasiteji ya basi. Bambo amene anakhala naye pabenchi anatembenuka.

"Akulakwirani chiyani, mayi?"

"Sakuyankha. Ndinagula nyumba m'chilimwe, achimwene. Mvula itangoyamba, khoma lakuchipinda linang'aluka mpaka dzanja kumalowa."

"Simunaiyendere musanagule?"

"Ndinaiyendera. Koma kuchipinda kogona eni ake ndinangoima pakhomo, ati ulemu. Mng'aluwo unalipo kale, koma anali ataubisa ndi kabati. Ndikanangolowa ine!"

"Ulemu wakupwetekani. Pezani loya wina, woti foni ikalira azitola."

"Ameneyu ndi wachiwiri kale. Poyamba amayankha msanga ngati chibwenzi chatsopano. Pano ana anga akugona pabalaza, kuopa khomalo."

Anaimbanso.

"Mukudikira liwagwere? Yankhanitu, bambo inu!"