Odi wa Mzukwa

Mvula inawapanikiza pasiteji ya basi. Bambo wina atangomaliza kukamba pafoni za katuni imene amalemba, mayi amene anaima pambali pake anamukoka jekete.

"Pepani bambo, ndinu mumalemba za mzukwa waulemu uja wa pa TV? Wotha kudutsa pakhoma, koma umangoima pakhomo n'kumati odi, odi?"

"Ndine, mayi. Nthabwala yake yagona pamenepo. Palibe amene amauyankha."

"Kwathu timafa nalo phwete. Koma Loweruka lapitali munaonjeza. Unaodira mpaka mawu kusasa, maso ali pa ine."

"Loweruka liti? Amene ankalankhula mawu ake anali mng'ono wanga. Tinamuika m'manda chaka chatha, mzukwawo n'kuuchotseratu m'nkhani."

"Inu, ndinauona ndi maso angawa. Mpaka ndinaumvera chisoni, n'kuyankha kuti lowani."

Bamboyo anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono.

"Ndiye unatani?"

"Unathokoza, n'kuchoka pagalasipo. Kuyambira tsikulo sunaonekenso."

"Nanga kunyumba kwanu kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Kungoti ndikaweruka kuntchito, mpando wanga ndikumaupeza wofunda."