Achemwali amene ndinkawayesa a Satana

Moni abale ndi alongo anga mwa Ambuye, a kuno ku Dubai ndi a kumudzi omwe. Ine ndine Nachisale, amene ambiri mumandidziwa ndi zosoka, chifukwa ndimagwira ntchito kwa telala wina ku Satwa. Lero ndati ndikuuzeni za mwana wanga Tamanda, momwe matenda a maganizo anatsala pang'ono kundilanda mwanayu, ndi momwe Mulungu anandibwezera kudzera m'njira imene ineyo ndinaikana kwamtuwagalu.

Tamanda ndi mwana wanga yekhayo. Nditabwera kuno kudzasaka ntchito, anakulira m'manja mwa akulu anga ku Zomba. Mutu wake ndi wakuthwa, sanatengere ine ayi. Atakhoza bwino Fomu 4, anapeza mwayi wa maphunziro aulere ku koleji ina yotchuka ku America. Ndinanyada, ndisaname. Aliyense wobwera kudzapinditsa thalauzi ankamva nkhaniyi, afune asafune.

Koma chaka chisanathe, mawu a mwana wanga pafoni anayamba kuchepa. Koleji ija inali yaikulu kwambiri, m'kalasi anthu ngati pamsika, mphunzitsi osadziwa dzina la aliyense. Ankadya yekha, kuwerenga yekha, ngakhale kudwala ankadwala yekha. Kenako anasiya kulowa m'kalasi, ndipo akuluakulu a sukulu anamuuza kuti akapume kaye. Ndinamuitanitsa kuno. Pabwalo la ndege ndinamudutsa osamuzindikira, mpaka iye anandikoka bulauzi.

Tinkagona pabedi limodzi m'kachipinda kanga kodula ndi thabwa. Mwana amene kale ankalongolola mpaka kumuletsa, tsopano ankangoyang'ana khoma tsiku lonse. Ndinalira, abale anga. Ndinkalirira pamakina, ndipo bwana wanga, mkulu wa ku Pakistan, ankangondiikira kapu ya tiyi pambali osandifunsa kanthu. Dokotala anatithandiza ndi mankhwala ndi uphungu, koma anandiuza mosabisa kuti mwanayu akabwerera kumalo kokhala yekha, matendawa abwereranso.

Pang'onopang'ono anayamba kutsitsimuka, mpaka anafunsira malo ku makoleji ena. Awiri a ku America komweko anamulandira, onse mwaulere. Ina inali yaikulu ndi yotchuka ngati yoyamba ija. Inayo inali yaing'ono, ya m'tauni imene dzina lake limandipinda lilime, koma ya maphunziro olimba, makalasi a ana ochepa, aphunzitsi odziwa wophunzira aliyense. Mtima wa Tamanda unali kumeneko. Tsiku lina anandionetsa zithunzi pafoni nkhope ikuwala, kuwala kumene ndinali nditakuiwala. Ndinaona atsikana atavala zoyera, atanyamula makandulo, kumbuyo kwawo kuli nyumba yolembedwa zilembo zachilendo. Anati pakolejipo pali magulu a ophunzira, la atsikana amati sororiti, la anyamata furateniti. Amakhala nyumba imodzi, amatchulana achemwali, ndipo polowa pamakhala mwambo umene sauululira anthu akunja.

Abale, zoyera, makandulo, zilembo zosawerengeka, mwambo wachinsinsi, kuwonjezera apo sukulu yaulere! Mmalawi aliyense akudziwa kumene maganizo anga anathamangira. Mnzanga wa kachipinda koyandikana, Amake Mwila a ku Zambia, anangoona kamodzi n'kuwomba m'manja, n'kumuuza Tamanda kuti:

"Ivi ni va Satana, mwana wanga. Bazakupempha magazi ya bamai bako, khalas, basi zatha!"

Ndinakaniratu. Ndinamuuza Tamanda kuti asankhe yaikulu ija, apo ayi abwerere ku Zomba. Sananditsutse. Anangotembenukiranso kukhoma kuja, ndipo kudya kunayambanso kumuvuta. Nthawi yoti ayankhe ku makolejiwo inkayandikira, viza yake ya kuno nayo inkapita kumapeto. Ndinali pakati pa mantha awiri: ndikamutumiza kwa yaikulu, matenda andilanda mwana, ndikamutumiza kwa yaing'ono, andilanda ndi a makandulo. Ndinasala kudya, ndikupempha Mulungu kuti asinthe mtima wa mwanayo. Pempho langa linali lomwelo basi, ndipo ndinkaliona kuti n'labwino ndithu.

Sabata yomweyo kushopu kunabwera mayi wachikuda wa ku America, wa imvi zake, mphunzitsi pasukulu ina kuno, dzina lawo Mayi Loreta. Anabweretsa diresi loti tilichepetse, koma silinali lawo. Mwini wake anali mnzawo wodwala khansa, amene anaonda moti zovala zonse zinkamukhuthuka, ndipo sakanatha kubwera ku Satwa. Bwana anandituma ndi tepi yanga kuti ndikamuyeze kunyumba.

Ndinafika masana. Ndinkayembekeza nyumba ya zii, monga zimakhalira nyumba zambiri kuno, wodwala ali ndi wantchito basi. Ndinapeza nsapato zili mbwee pakhomo. M'katimo munali amayi akuluakulu, wina akusenda anyezi, wina akusisita mapazi a wodwala, wina akuwodzera pampando. Phokoso lake, kuseka kwake, kunyogodolana ngati ana asukulu! Wodwalayo naye ankaseka, ngakhale mawu ankatuluka movutikira. Ndinagwada n'kuyamba kumuyeza. Nditakweza maso, ndinaona kuti pabulangeti lomwe anafunda panapetedwa zilembo za mtundu womwe uja wa pafoni ya Tamanda. Tepi inandigwa m'manja.

Mayi Loreta anaona kuti ndasintha nkhope. Ndi Chingelezi changa cha pamakina ndinawafotokozera zonse, ndipo nditafika pa za magazi anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anapukuta misozi n'kundikhazika pampando. Anati onsewa anakumana ku koleji ali atsikana, m'gulu limodzi. Panalibe apachibale pakati pawo, koma atamva kuti mnzawo wadwala kudziko la eni, anagawana masabata, wina akutera wina akunyamuka. Zilembo zija ndi za Chigiriki, dzina chabe la gulu lawo. Mwambo wolowera ndi malonjezo ndi nyimbo.

Apa ndinakumbukira za kwathu. Ine ndemwe ndinavekedwa bulauzi yoyera ndi duku kutsogolo kwa mpingo, tsiku limene ndinkalowa m'gulu la amayi kwathu, ndikulonjeza kuyendera odwala ndi kugona pamaliro. Ntchito yomweyo ndinaipeza ikugwiridwa ndi amayi ovala mathalauzi.

Mayiwo sanandinamize kuti zonse n'zokoma. Anati magulu ena ndi a mowa okhaokha, ena amazunza olowa kumene, choncho mantha a kholo si uchitsiru. Tsiku lokapereka diresi ndinapita ndi Tamanda, ndipo Mayi Loreta anamulangiza kuti asamve za akuluakulu a koleji zokha, koma aimbire atsikana okhala m'nyumba ya gulu lija kukolejiko. Awafunse kuti amene walephera mayeso amamutani, amene wadzitsekera m'chipinda tsiku lonse amamugogodera ndani, nanga amene samwa amamuseka kapena ayi.

Tamanda anaimba ine ndili pambali, nditatchera khutu ngati wapolisi. Mtsikana wa kumeneko anayankha kuti kwawoko ukalephera mayeso amakupatsa wamkulu wokhala nawe mulaibulale mpaka udzakhoze, ndipo chakudya cha madzulo sayamba asanaone kuti ndani palibe. Ndinamunong'oneza Tamanda kuti afunsenso za Lamlungu. Mtsikanayo anati ena amapita kutchalitchi, ena amagona. Yankho la kugonali ndi limene linandikhazika mtima pansi, chifukwa wofuna kutikola akanati onse amapita.

Ndinavomera. Amake Mwila anapukusa mutu n'kunena kuti azindipempherera, ndipo ndinawathokoza, poti pemphero munthu sakana.

Tamanda anapita, ndipo patapita nthawi analowa m'gulu lija. Maphunziro akuyenda bwino, aphunzitsi ake amamudziwa ndi dzina, mpaka anaphunzira kulitchula molondola. Kulongolola kunabwerera, moti masiku ano ndine ndimati, "Yalla, fulumira, dula foni mwana iwe, bwana akundiyang'ana!" Komabe mtima wa mayi sugona. Ndinkadziwa kuti pa masiku okoma anzako sasowa. Chimene ndinkaopa ndi tsiku loipa, kuti likadzamupeza kutaliko, kodi sadzagweranso m'dzenje lomwe lija?

Tsikulo linafika chaka chino. Akulu anga, amene anamulera, anatisiya mwadzidzidzi. Tamanda anali pakati pa mayeso, ndipo zobwera kumaliro sizikanatheka. Uthenga unamupeza kudzera kwa asuweni ake ine ndisanakonzeke kumuuza. Ndili kushopu, ndikudikira kuti ulendo wanga wa ku Zomba ulongosoke, ndinamuimbira pavidiyo. Ndinkaopa kuti ndimupeza ali yekha, atatseka makatani.

Anayankha ndi mtsikana wina wachizungu, maso ali psuu.

"Pepani, amayi," anatero m'Chichewa chopindikapindika, n'kutembenuza foni kuti ndione.

Pabalaza pa nyumba yawo panalibe mpando ndi umodzi womwe. Anali atatulutsa yonse pakhonde. Atsikana aja, azungu, akuda, amwenye, anakhala pansi atatambalala, misana itatsamira khoma, ena atamanga nsalu za pabedi m'chiuno chifukwa zitenje za Tamanda sizinawakwanire. Pakati pawo panali mwana wanga, mutu uli pamiyendo ya mnzake, akulira mokweza, akuitana amayi ake aakulu monga timalirira kwathu. Anali atamufunsa kuti kwanu maliro mumakhala bwanji, iye n'kuwauza, iwo n'kuchita. Anasinthanasinthana kukhala naye choncho mpaka tsiku loika, ndipo mayeso ake anakalemba atamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa koma n'kuliyankha mwanzeru zake, osati mwanzeru zanga. Ndikuthokozanso Mayi Loreta ndi anzawo, kulikonse kumene ali. Inu amene ana anu ali kutali, amene mukulera pafoni monga ine, musafooke ndipo musaleke kugwada. Mwana akamasankha sukulu, funsani za maphunziro, inde, koma funsaninso kuti akadzagwa adzamudzutsa ndani.

Ine ndinalira akulu anga ku Zomba ndi mtima umodzi, osacheukira foni, chifukwa ndinkadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kulinso siwa ina, ndipo mwana wanga sali yekha. Ambuye alemekezeke.