Woyambitsa Nyimbo wa ku Horebu

Malemu bambo Idwal Prydderch anabadwa m'chaka cha 1939 m'mudzi mwathu muno mwa Nantygro, m'nyumba yoyandikana ndi mlatho. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Heulwen, mwana wa mlongo wawo.

Sukulu anaphunzira pamtunda apo, m'nyumba imene lero mumagona alendo nyengo yotentha. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anatsatira bambo awo kumgodi wa miyala yofolera nyumba. Mu 1964 anakwatira mayi Eluned, amene anatsogola kale. Mgodi utatsekedwa, anzawo anamanga katundu kulowera m'mizinda. Iwo anatsala, n'kumaweta nkhosa za eni ake.

Tchalitchi chathu cha Horebu sichinakhalepo ndi limba. Makolo anakana, ati limba limalowetsa ulesi pakhosi. Nyimbo amayambitsa ndi munthu mmodzi: amagogoda kachitsulo kamphanda pabondo, kukamvera kukhutu, n'kutulutsa liwu loyamba, enafe n'kuvomera. Malemuwa anagwira ntchito imeneyi kuyambira 1971. Anaimbitsapo mpingo wodzaza mpaka pakhomo. Anaimbitsaponso anthu asanu, awiri mwa iwo ogontha.

Sukulu inatsekedwa, sitolo inatsekedwa, basi inasiya kufika. Akuluakulu a mpingo atafuna kugulitsa nyumba yopemphereramo ino, tinapangana nawo kuti chitseko chisatsekedwe bola woyambitsa nyimbo akhalepo. Pangano limenelo linawasenzetsa malemuwa mtolo, ndipo tonse tinkadziwa. Fumbi la kumgodi linali litadya mapapo awo, komabe Lamulungu lililonse ankakwera chitundachi kubwera kutchalitchi kuno, kupumira pa mpanda uliwonse. Anayesa kundiphunzitsa ine. Atagwa ulesi anati, "Iwe Heulwen, mawu akowo ndi oitanira nkhosa, ndipo nazonso zikhoza kubalalika." Sananame.

Anagonekedwa m'chipatala mwezi watha, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Asiya ana awiri, Gethin ku Australia ndi Nesta ku Cardiff, zidzukulu zinayi zimene sizimva chilankhulo chathu cha Chiwelishi, ndi mlongo wawo mmodzi, mayi anga. Tatopa nako kutseka zitseko m'mudzi muno, koma pangano ndi pangano: mwambo uno ndi womaliza m'nyumba ino. Nyimbo yotulukira ndiyambitsa ine. Ikakwera mopitirira, ingoimbani choncho, woti atiimitse kuti tiyambirenso palibe.

Pumulani mu mtendere, amalume.