Anati Ng'ona Inali Yanga

Moni abale nonse m'dzina la Ambuye, makamaka inu a m'mbali mwa Shire amene mukamva valimba miyendo imakuyabwani. Ndine Simoni Kampira, woolotsa anthu pa doko lathu kumunsi kwa Katunga. Ndikulemba kuti mudziwe mmene ananditchera mfiti yoweta ng'ona, ndi mmene Mulungu anandichotsera manyaziwo pamaso pa onse.

Itatha nkhondo ya Ajeremani, tsidya lina kunabwera oimba valimba, Asena atatu. Loweruka lililonse anthu akwathu ankakhamukira komweko. Popita ndinkawaolotsa dzuwa likadalipo, koma pobwerera pakati pa usiku ankadutsa wapansi pa mchenga pamene madzi amalekeza m'chifuwa. Ndinaona kuti tsiku lina tidzalira maliro. Ndinapempha chilolezo ku boma choolotsa usiku, ndipo pepala lake ndili nalo, la chidindo chofiira. Ndinkayatsa nyali pa doko, kenaka n'kupita pabwalo la gule kukafuula kuti, "Bwato lilipo mpaka valimba atatha! Musadutse pa mchenga, pali ng'ona!"

Ena ankakwera, ena ankandiseka. Woseka kwambiri anali Fole, bambo wa ana awiri, katswiri wovina. Usiku wina anandiyankha pagulu monyoza bwato langa, "Madala, mwadiya wanuwo ngwa nkhalamba ndi amayi apakati. Ine ng'ona imandidziwa."

Ndinati, "Fole, ikakudziwa bwino sudzabwerera."

Usiku womwewo inamugwira. Ndinamva kukuwa kwake ndili pakati pa madzi ndi anthu asanu ndi mmodzi m'bwato. Ndinapalasa mpaka nkhafi inandisupula manja, koma tinangopeza thovu.

M'mawa a Thauzeni, amene ankaphunzira nane Mawu a Mulungu pa benchi imodzi, ndiwo anayamba kulankhula. Anati onse anamva ndikumulosera Fole imfa. Anati ndimayenda pamadzi usiku uliwonse osakhudzidwa chifukwa ng'onayo ndimaidyetsa ndine, ndipo ndimaituma kuti anthu aope mchenga akwere bwato langa. Atandiitanira ku bwalo la milandu ndinatulutsa chilolezo, chiphaso cha ubatizo, ndi ziphaso zonse za msonkho. Palibe anafuna kuziona. Munthu wina anatola chiphaso chimodzi n'kupichiramo fodya ine ndikupenya. Dzina lake ndinalilemba, ndipo ndikulidziwa mpaka lero.

Akuluakulu a bwalo anagamula kuti mwezi ukaoneka ndichoke m'mudzi. Bwato analikokera kumtunda n'kulivundikira. Mkazi wanga Elina ankatunga madzi yekha, anzake akumuthawa pa chitsime. Ku tchalitchi anatisiyira benchi yonse. Ndinapemphera mokwiya, sindibisa. Ndinati, "Ambuye, ndinachenjeza munthu kuti akhale ndi moyo, kodi malipiro ake ndi amenewa?" Masiku anapita, kumwamba kuli zii.

Thandizo linachokera kwa munthu amene ankandida kuposa onse, mai Nsai, amake a Fole. Kwathu kuno amati ukapha ng'ona yowetedwa, mwini wake safika tsiku lachitatu. Mayiwo anali ndi mbuzi imodzi yokha. Anaipereka kwa asodzi kuti ikhale nyambo pa mbedza yaikulu, ndipo ananena poyera kuti akufuna kundiona ndikufa. Ng'ona inameza. Amuna khumi anaikokera pa mchenga n'kuibaya ndi mikondo, ndipo m'mimba mwake anapezamo chitsulo cha lamba wa Fole.

Madzulo amenewo mai Nsai anayala mphasa pakhomo panga. Anati, "Ndabwera kudzamva mkazi wako akulira."

Anakhala pamenepo masiku atatu, mudzi wonse ukusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkadzuka, kupemphera, kudya panja kuti aone, n'kukalima. Tsiku lachinayi ndinatuluka nditasenza khasu, ndipo ngakhale mutu womwe sunandiwawe. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapinda mphasa yawo n'kupita pakati pa mudzi. Anakuwa, "Munthuyu mwamunamizira! Mwana wanga anauzidwa, sanamve. Mwandidyera mbuzi yanga ndi bodza lanu, Thauzeni!"

Mwezi unaoneka, palibe anabwera kudzandithamangitsa. Loweruka lotsatira oimba valimba anatumiza mawu kuti saimba ngati nyali yanga siili pa doko. Amene anavundikira bwato ndi omwewo analikankhira m'madzi, maso ali pansi. A Thauzeni sanapepese mpaka pano. Ndimawaolotsa, chifukwa Ambuye analamula, koma amakhala kutsogolo kuti ndiziwaona.

Ndikuyamika Mulungu amene anatenga chidani cha mayi wolira n'kuchisandutsa mboni yanga. Inu amene mukunamiziridwa, limbikani, musathawe m'mudzi usiku ngati olakwa. Wokuwombolani angakhale amene akukufunirani manda.

Tsono inu okonda gule, ine sindine mbusa wanu kuti ndikuletseni valimba. Koma m'Shire simunali ng'ona imodzi. Bwato limanyamuka oimba akaika timitengo tawo toimbira pansi, ndipo ndimabwereranso kachiwiri kudzatenga otsalira. Wofuna kudutsa pa mchenga ayambe wapita kwa mai Nsai, akawauze yekha kuti ng'ona imamudziwa.